Nthawi ya Matsanga: momwe nkhondo ya ku Mozambique inatsekera njira ya Tete, ndi momwe inazimira

Kuchoka ku Harare kukafika ku Blantyre ndi makilomita 600 ndi pang'ono. Basi imadzera ku Murewa ndi Mutoko, n'kutulukira pa Nyamapanda, kenako Changara, mlatho wa pa Zambezi mumzinda wa Tete, Moatize, Zobue, n'kulowa m'Malawi pa Mwanza. Chigawo cha pakati, cha m'dziko la Mozambique, sichikwana n'komwe makilomita 300. Koma kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka mu 1992, kachigawo kameneka kankaimitsa mutu wa aliyense wa m'makomboni a mu Harare, monga Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku, amene walandira uthenga wa maliro kumudzi ku Malawi. Ankasankha pakati pa kudikira mdipiti woperekezedwa ndi asilikali pa Nyamapanda, ndi kuzungulira ku Chirundu, Lusaka ndi Chipata kukalowera pa Mchinji, mtunda woposa kuwirikiza kawiri. Ambiri sankapita n'komwe. Ankatumiza chipepeso, n'kulira maliro ali konkuno.

Akuluakulu kuno ku Zimbabwe amangoti "nthawi ya Matsanga", kutanthauza nkhondo ya pakati pa boma la Mozambique ndi gulu loukira boma la Renamo, lomwe anthu ankalitcha Matsanga. Nkhondoyo inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992. Inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ndi njala ndi matenda osati chipolopolo. Anthu 1.7 miliyoni anathawira m'maiko oyandikana nawo, ndipo mamiliyoni ena anasiya midzi yawo n'kukaunjikana m'mphepete mwa matauni. Zonsezi m'dziko lomwe panthawiyo anthu ake sankafika 15 miliyoni.

Gululi linabadwira kuno

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Samora Machel ndi chipani cha Frelimo n'kutenga boma. Mu Malichi 1976 Machel anatseka malire ndi Rhodesia (Zimbabwe ya lero) potsatira zilango za United Nations, ndipo analola asilikali a ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe, kumanga misasa m'dziko lake. Kwa boma la Ian Smith ku Rhodesia zinali zowawa pawiri. Doko la Beira linatsekeka, ndipo malire onse a kum'mawa, oposa makilomita 1,200, anasanduka khomo la omenyera ufulu. Asilikali a Smith anayankha ndi kupha kwa ku Nyadzonia mu Ogasiti 1976 ndi ku Chimoio mu Novembala 1977, nkhani zomwe mwana aliyense wa sukulu kuno amazidziwa. Yankho lina linali la kachetechete. Bungwe la akazitape a Rhodesia la CIO, motsogozedwa ndi Ken Flower, linasonkhanitsa anthu a ku Mozambique odana ndi Frelimo, ena omwe kale anali asilikali a Apwitikizi, ena otuluka m'gulu la Frelimo lomwelo, n'kuwaika pa famu yakale ya fodya ku Odzi, pafupi ndi Mutare. Amenewa ndiwo anadzakhala Renamo. Wailesi yawo, Voz da África Livre, inkaulutsa mawu kuchokera ku Gweru. Ntchito yawo poyamba inali yochepa: kulondolera asilikali a Rhodesia komwe kuli misasa ya ZANLA, ndi kuwononga milatho.

Mtsogoleri wawo woyamba, yemwe dzina loti Matsanga linachokera kwa iye, anali André Matsangaissa, msilikali wakale wa Frelimo amene anathawa m'ndende za boma zomwe ankati n'zowongolera maganizo a anthu. Anaphedwa pa nkhondo ku Gorongosa mu Okutobala 1979, Afonso Dhlakama n'kulowa m'malo mwake.

Mu 1980, Zimbabwe itatsala pang'ono kulandira ufulu, gulu lonse linasamutsidwa, zida ndi wailesi yomwe, kupita m'manja mwa asilikali a South Africa pafupi ndi Phalaborwa. Panthawiyo anali ochepa moti nkhaniyi ikanatha kuthera pomwepo. Koma boma la tsankho ku Pretoria linali ndi zolinga ziwiri. Linkafuna kuti Maputo asiye kusunga a ANC, omenyera ufulu a ku South Africa. Linkafunanso kufooketsa bungwe la SADCC, lomwe maiko asanu ndi anayi anakhazikitsa ku Lusaka mu Epulo 1980 kuti asamadalire South Africa, ndipo udindo wa zamtengatenga anaupereka kwa Mozambique. Wodula njanji za ku Beira, Nacala ndi Maputo amakhala wakakamiza Zimbabwe, Malawi ndi Zambia kutumiza katundu wawo ku Durban. Apa ndi pomwe pagona chifukwa chimene nkhondoyi inalimbanira kwambiri njanji, misewu ndi paipi ya mafuta.

Komabe kunena kuti Renamo inali chida cha azungu basi n'kusiya theka la nkhani. Moto unakolezedwa ndi anthu akunja, koma nkhuni zinali zitaunjikidwa kale m'midzi, ndipo anaziunjika ndi boma.

Frelimo inachita zazikulu m'zaka zake zoyambirira, ndipo siziyenera kuiwalika. Apwitikizi anasiya dziko lomwe anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga, ndipo atachoka panatsala madokotala osakwana 100. M'zaka zochepa chiwerengero cha ana a pulayimale chinawirikiza, katemera anafika m'midzi yomwe inali isanaonepo namwino. Koma pa msonkhano wake waukulu wa mu Febuluwale 1977 chipanichi chinalengeza kuti chikutsatira mfundo za Marx ndi Lenin, ndipo chinayamba kulamula moyo wa kumudzi kuchokera ku Maputo. Mafumu anachotsedwa pa udindo ponena kuti anali antchito a atsamunda, m'malo mwawo n'kuikamo alembi a chipani, nthawi zambiri anyamata kapena obwera. Asing'anga, miyambo ya mvula, chinamwali ndi malowolo zinkanyozedwa kuti ndi zaumbuli. Anthu anasamutsidwa m'minda ya makolo awo, kutali ndi manda a abale awo, n'kukaikidwa m'midzi ikuluikulu ya boma, komwe eni nthaka anali a mtundu wina ndipo munda unali kutali. Masitolo a kumudzi anatsekeka, moti mlimi ankakolola chimanga koma osapeza mchere, sopo kapena khasu loti agule. Mu 1983 boma linabwezeretsa chilango cha chikoti pagulu, ndipo chaka chomwecho linagwira anthu masauzande m'mizinda omwe linkati ndi malova n'kukawataya ku Niassa.

Renamo ikafika m'dera lotere inkayamba n'kuonana ndi mfumu yochotsedwa ija. Inkalonjeza kuti anthu abwerera kumabwinja kwawo, ndipo inkaotcha mudzi wa boma. M'madera ena, makamaka ku Nampula, Zambezia ndi Sofala, anthu anailandira poyamba. Ambiri anazindikira mochedwa mtengo wake.

Momwe ankamenyera

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Renamo inali ndi asilikali pafupifupi 20,000, opanda galimoto, opanda malipiro. Mphamvu yawo inali m'miyendo ndi m'mawailesi olankhulirana omwe South Africa inawapatsa, omwe ankachititsa kuti likulu la ku Gorongosa lidziwe zochitika m'magulu omwe ali makilomita mazanamazana kutali. Zipolopolo zinkabwera pandege usiku kapena panyanja. Zina zonse, chakudya, onyamula katundu, ngakhale asilikali atsopano, zinkachokera kwa anthu wamba.

Asilikali ambiri anachita kugwidwa. Mnyamata ankatengedwa kumunda kapena kusukulu, n'kuyendetsedwa masiku ambiri kupita kudera lomwe sadziwa njira kapena chinenero chake, kuti kuthawa kuvute. Wogwidwa akuthawa ankaphedwa anzake akuona. Ana nawo ankagwidwa, makamaka kum'mwera, ndipo ena anakakamizidwa kupha m'mudzi mwawo momwe kuti asakhalenso ndi kobwerera. Anthu okhala mozungulira msasa ankagwira ntchito yokakamiza yotchedwa gandira: kulima minda ya asilikali, kusenza katundu wofunkhidwa mitunda italiitali, ndipo kwa amayi ndi atsikana, kugwiriridwa.

Robert Gersony, amene boma la United States linamutuma kukafunsa othawa nkhondo pafupifupi 200 m'maiko angapo, analemba mu 1988 kuti Renamo inkagawa madera patatu. Kwina inkangotolera msonkho wa ufa ndi nkhuku. Kwina inkalamulira anthu ngati akapolo. Kwina inkangowononga. Iye anawerengera kuti anthu wamba ophedwa ndi gululi anali osachepera 100,000. Lipotilo linatseka pakamwa andale a ku Washington omwe ankafuna kuti Renamo izithandizidwa ngati UNITA ya ku Angola.

Kuwonongako kunali ndi dongosolo. Sukulu, chipatala, sitolo ya boma ndi nyumba ya mlembi wa chipani zinali zizindikiro zoti boma lilipo, choncho ndizo zinkayamba kupsa. Mphunzitsi ndi namwino ankasakidwa mwadala. Kudula anthu makutu, milomo ndi mphuno kunali uthenga woyenda wokha: munthu mmodzi wotero akafika pamsika, midzi khumi inkasamuka popanda kuombera mfuti. Pofika 1992 pafupifupi theka la sukulu za pulayimale ndi zipatala za kumidzi zinali zitagwetsedwa kapena kutsekedwa. Ku Homoine, m'chigawo cha Inhambane, anthu 424 anaphedwa pa 18 Julayi 1987 malinga ndi chiwerengero cha boma, ena ali gone m'chipatala.

Asilikali a boma nawo sanali oyera m'manja. Ankakhala miyezi osalandira malipiro kapena chakudya, ndipo ena ankafunkha midzi ndi magalimoto a thandizo n'kunamizira zigawenga. Akalanda dera ankasamutsa anthu mokakamiza, ndipo wopezeka kudera la Renamo ankayesedwa mdani ngakhale anachita kugwidwa. Mlimi wa ku Angonia kapena Mutarara ankaopa onse awiri.

Paipi, njanji ndi asilikali a Zimbabwe

Mafuta a Zimbabwe amabwera pa paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka pafupi ndi Mutare, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, moyandikana ndi njanji ndi msewu. Mu Disembala 1982 matanki a mafuta ku Beira anaphulitsidwa, ndipo Khirisimasi ya chaka chimenecho anthu a mu Harare anaidyera pamizere ya petulo. Chaka chomwecho Zimbabwe inali itayamba kutumiza asilikali kukalondera njirayo. Anayamba ochepa, koma pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anali ataposa 10,000.

Kulondera njira yotere kumadya anthu ambiri kuposa kuiwononga. Amuna asanu okhala ndi mabomba angathe kudula njanji usiku umodzi pamalo alionse, pamene woteteza ayenera kukhala paliponse usiku uliwonse. Mdipiti wa pamsewu wa Tete unalinso ndi vuto lake. Mathiraki ankasonkhana pachipata m'mawa, magalimoto a asilikali kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Koma mzere wautali sumayenda liwiro limodzi. Thiraki yolemera imatsalira pachitunda, ina imaphulika tayala, msewu wokumbika umachedwetsa onse, ndipo pakati pa magalimoto pamatseguka mipata. Obisalira ankadikira mpata woterowo. Ankaombera galimoto imodzi kuti itseke msewu, kufunkha zomwe angathe kusenza, kuotcha zotsala, n'kulowa m'tchire operekeza asanatembenuke. Madalaivala ankadziwa kuti woima waima yekha.

Mu Malichi 1984 Machel ndi P.W. Botha, mtsogoleri wa South Africa, anasaina pangano la Nkomati: Maputo ichotse asilikali a ANC, Pretoria isiye Renamo. Machel anasunga mbali yake. Mu Ogasiti 1985 asilikali a Zimbabwe, otsika ndi maparachuti ndi mahelikopita, pamodzi ndi a Mozambique, analanda likulu la Renamo lotchedwa Casa Banana m'munsi mwa phiri la Gorongosa. M'menemo anapeza mabuku a mlembi wa Dhlakama osonyeza kuti asilikali a South Africa anapitiriza kutumiza zida pambuyo pa Nkomati, ndiponso kuti wachiwiri kwa nduna yoona za kunja, Louis Nel, anafikako yekha pandege. Kuno chinali chipambano chachikulu, ndipo pa nkhani yovula Pretoria chinyengo chinalidi chotero. Pa nkhondo yeniyeni sichinasinthe zambiri. Dhlakama anathawa, malowo anasiyidwa m'manja mwa asilikali a boma anjala, ndipo mu Febuluwale 1986 Renamo inawalandanso, mpaka a Zimbabwe anachita kubwereranso. Zinkatero nthawi zonse: tauni inkalandidwa ndi ndege, koma tchire lozungulira linkakhalabe la oyenda pansi.

Chaka cha 1986

Kwa olankhula Chichewa mu Harare, chaka chovuta kwambiri chinali 1986, chifukwa dzina la Malawi linalowa m'nkhondoyi. Boma la Kamuzu Banda linali pa ubale wa ukazembe ndi South Africa kuyambira 1967, ndipo Maputo inkanena kuti Renamo imadutsa ndi kubisala m'Malawi. Boma la Malawi linkakana. Chodziwika n'chakuti malire a maiko awiriwa ndi otalika makilomita pafupifupi 1,500, ndipo pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu ndiwo malirewo, mbali iyi Malawi, mbali iyo Angonia, anthu ake amodzi, chinenero chimodzi. Mu Sepitembala 1986 Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anapita ku Blantyre kukamuuza Banda maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana Malawi. Masabata otsatira Renamo inasefukira m'zigawo za Zambezia ndi Tete, n'kulanda matauni ngati Milange ndi Mutarara.

Pa 19 Okutobala ndege ya Machel, pochokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, inagwa pa Mbuzini m'dziko la South Africa. Anafa anthu 35. Patangopita masiku awiri, achinyamata okwiya anadzaza m'tauni ya Harare n'kuwononga maofesi a South African Airways ndi Air Malawi. Mabanja omwe makolo awo anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhonsolo, ena obadwira konkuno osaonapo Malawi, anapezeka akuyang'anidwa ndi diso lina chifukwa cha ndale za boma lomwe sanalisankhe.

Chodabwitsa n'chakuti Malawi inali m'gulu la ovulala kwambiri. Nkhondo isanafike, pafupifupi katundu yense wa dzikolo ankadzera ku Beira ndi Nacala. Pofika 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitaduka, ndipo pambuyo pake mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unaphulitsidwa. Fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zinayamba kuyenda makilomita oposa 2,000 kupita ndi kuchokera ku Durban, kudzera mu Harare momwe muno, m'malo mwa makilomita pafupifupi 650 a ku Beira. Mu Disembala 1986 Malawi inasaina pangano la chitetezo ndi boma latsopano la Joaquim Chissano, ndipo mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya Nacala. Chaka chomwecho Renamo inayamba kuwoloka malire a Zimbabwe, kupha ndi kuba anthu ku Rushinga, Chipinge ndi Chiredzi.

Othawa nkhondo

Malawi inali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni pa kalembera wa 1987, ndipo pofika 1992 inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera. Ku Dedza ndi Ntcheu ambiri sanalowe m'misasa, anangopatsidwa malo ndi mafumu pakati pa abale awo. Amati mlendo ndi mame, koma awa anakhala zaka zisanu, ena zisanu ndi ziwiri, ndipo midzi yosauka kale inagawana nawo zitsime, zipatala ndi nkhuni mpaka mapiri anayera. Kulandira kumeneku, kopanda mipanda ya waya komanso kopanda chipolowe chachikulu, ndi chimodzi mwa zinthu zochepa za m'nkhondoyi zomwe munthu angazitchule mosachita manyazi.

M'misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu mdani anali kolera ndi chakudya chosakwanira. Phukusi la thandizo linkakhala ufa wa chimanga, nyemba kapena nandolo, mtedza, mafuta ophikira, shuga ndi mchere. Mtedza unkaoneka ngati chongowonjezera, koma ndiwo unkapereka vitamini wotchedwa niacin, yemwe thupi silitha kum'peza mokwanira m'chimanga. Mtedza utasowa kwa miyezi ingapo mu 1990, anthu oposa 18,000 anadwala pelagra: khungu lothetheka m'khosi ndi m'mikono momwe mumawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, kenako kusokonezeka mutu. Amene anali ndi kadimba kapena kantchito kogulira ndiwo anapulumuka, odalira phukusi lokha ndiwo anagwa. Mliriwo unatha atabwezeretsa mtedza, kugawa mapiritsi ndi kuyamba kuthira mavitamini mu ufa.

Zimbabwe inatsegula misasa isanu: Tongogara, Chambuta, Nyangombe, Nyamatikiti ndi Mazowe River Bridge. Ena ambiri sanalembetse, analowa m'mafamu ndi m'makomboni a mu Harare, ndipo ochokera ku Tete ndi Angonia anapeza kuti chinenero chawo chinkamveka kale m'mipingo ndi m'magulu a maliro a anthu ochokera ku Malawi.

Chimene chinathetsa nkhondo

Palibe anapambana pa bwalo la nkhondo. Soviet Union inasiya kuthandiza Maputo, Frelimo inasiya mfundo za Marx mu 1989 n'kuvomereza zipani zambiri m'malamulo a 1990, ndipo F.W. de Klerk atatenga boma ku Pretoria thandizo la Renamo linauma. Ku Zambezia gulu la alimi lotchedwa Naparama, lotsogozedwa ndi Manuel António, lomwe linkatemera mankhwala okhulupirira kuti chipolopolo sichilowa, linathamangitsa Renamo m'madera ambiri ndi mikondo ndi zikwanje, umboni woti anthu wamba anali atatopa. Kenako chilala cha 1991 ndi 1992 chinapsereza minda yomwe inkadyetsa misasa ya Renamo. Gulu lodya za anthu silikhalitsa anthuwo akasowa chakudya.

Oyamba kufunafuna Dhlakama anali atsogoleri a mipingo, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican pakati pawo, omwe anakumana ndi a Renamo ku Nairobi mu 1989. Zokambirana zomwe zinakonzedwa ku Blantyre mu Juni 1990 zinalephereka. Mwezi wotsatira mbali ziwirizi zinakumana ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio, Armando Guebuza kuimira boma, Raul Domingos kuimira Renamo. Amkhalapakati anali Andrea Riccardi, Matteo Zuppi, Mario Raffaelli ndi Gonçalves. Analibe asilikali kapena ndalama zoopsezera nazo aliyense, ndipo n'chifukwa chake onse anawakhulupirira. Zinatenga zaka ziwiri ndi miyezi itatu.

Pangano loyamba, la pa 1 Disembala 1990, linakhudza Zimbabwe mwachindunji: asilikali ake azikhala m'njira za Beira ndi Limpopo zokha, ndipo Renamo isaukire njirazo. Msewu wa Tete sunali m'panganolo, choncho operekeza anachoka ndipo mathiraki ambiri anabwerera ku njira ya Lusaka. Mugabe, yemwe kwa zaka zambiri ankatcha Dhlakama chigawenga, anakumana naye ku Blantyre mu Januwale 1992, mothandizidwa ndi Tiny Rowland wa kampani ya Lonrho, yomwe inali ndi gawo m'paipi ya Beira. Pa 4 Okutobala 1992 Chissano ndi Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome, Mugabe ali pomwepo.

Kusaina n'kosavuta poyerekeza ndi zomwe zinatsatira. Ku Angola chisankho chinachitika mu Sepitembala 1992 magulu onse awiri akadali ndi asilikali awo, ndipo wogonja anangobwerera kutchire. Aldo Ajello, mtsogoleri wa ntchito ya United Nations yotchedwa ONUMOZ, anakana kubwereza zimenezo. Chisankho chinasunthidwa ndi chaka chathunthu. Asilikali a Zimbabwe anatuluka mu Epulo 1993, a ku Italy n'kutenga njira ya Beira, a ku Botswana njira ya Tete, a ku Bangladesh ya Nacala. Anakonza malo 49 osonkhanirapo asilikali, 29 a boma ndi 20 a Renamo. Msilikali ankafika, kupereka mfuti, kulembedwa, n'kufunsidwa ngati akufuna kulowa gulu lankhondo latsopano kapena kupita kwawo.

Pangano linkati gulu latsopano likhale la anthu 30,000, theka mbali iyi theka mbali iyo, ndipo aphunzitsi ake oyamba anaphunzitsidwa ndi asilikali a Britain ku Nyanga. Odzipereka anangokwana pafupifupi 12,000. Anyamata sankafunanso mfuti. M'malo osonkhanirawo munabuka zipolowe mu 1994, asilikali kutseka misewu ndi kugwira akuluakulu awo, ndipo chomwe ankafuna chinali kutulutsidwa msanga. Oposa 90,000 anabwerera kumudzi. Aliyense anapatsidwa zovala, mbewu, khasu, ulendo wofika kudera lomwe wasankha, ndi malipiro a miyezi 24, isanu ndi umodzi yochokera ku boma, 18 kwa maiko othandiza. Ndalamazo sankapereka nthawi imodzi. Munthu ankakatenga kubanki ya m'dera lake miyezi iwiri iliyonse. Zinali zochepa, koma zinamumanga pamalo amodzi kwa nyengo ziwiri za ulimi, nthawi yokwanira kumanga nyumba, kukwatira ndi kukolola. Renamo nayo inapatsidwa thumba la madola pafupifupi 17 miliyoni kuti isanduke chipani. Ena anati kumeneko kunali kugula mtendere kwa anthu akupha. Kunalidi kugula, ndipo kunali kotchipa kuposa mwezi umodzi wa nkhondo.

Madzulo a tsiku loti mawa kuvota, Dhlakama analengeza kuti watuluka m'chisankho. Atsogoleri a m'chigawo chino, omwe anali atangokumana mu Harare sabata yomweyo, pamodzi ndi akazembe a ku Maputo anamupanikiza, anthu ake omwe anapitabe kukavota, ndipo iye anabwerera. Kuvota kunatenga masiku atatu, 27 mpaka 29 Okutobala 1994. Chissano anapeza 53 peresenti, Dhlakama pafupifupi 34. M'nyumba ya malamulo ya mipando 250, Frelimo inatenga 129, Renamo 112.

Nyumba ya malamulo inali itakhululukira kale milandu yonse ya nkhondo mu 1992. Sipanakhale bwalo lozenga milandu kapena bungwe lofufuza zoona. Ntchito yolandira akupha inagwera midzi. Wobwera kunkhondo sankalowa m'nyumba asanasambitsidwe ndi sing'anga kapena kupemphereredwa kumpingo, zovala zake za kutchire n'kuotchedwa, kuti mizimu ya omwe anawapha isalowe naye pakhomo. Zinathandiza kuti anthu akhalirane, koma amayi omwe anagwiriridwa m'misasa sanamve aliyense akuvomera mlandu. Bungwe la mipingo la Christian Council of Mozambique linayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mabomba okwirira anatenga nthawi yaitali: dzikolo linalengezedwa kuti layeretsedwa mu Sepitembala 2015, bungwe la HALO Trust lokha litachotsa oposa 171,000.

Zinthu ziwiri zinasiyidwa zosamaliza. Mfuti zambiri sizinaperekedwe, zinakwiriridwa m'tchire, ndipo zina zinawoloka malire n'kukagwira ntchito ya umbava ku Malawi ndi South Africa. Chachiwiri, Renamo inapambana mu 1994 m'zigawo zisanu, Sofala, Manica, Tete, Zambezia ndi Nampula, koma abwanamkubwa onse ankasankhidwa ndi pulezidenti, choncho sinalamulire ngakhale chimodzi. Dhlakama anasunga asilikali ake ena ku Gorongosa ponena kuti ndi omulondera. Mu 2013 kuomberana kunayambiranso, midipiti yoperekezedwa inabwerera pamsewu wa pakati pa Muxungue ndi mtsinje wa Save, ndipo mu 2016 anthu oposa 10,000 ochokera ku Tete anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza. Dhlakama anamwalira mu Meyi 2018 akukambirana ndi pulezidenti wa nthawiyo, Filipe Nyusi. Malamulo anasinthidwa kuti abwanamkubwa azichokera m'chisankho, ndipo Ossufo Momade, wolowa m'malo mwa Dhlakama, anasaina pangano lina ndi Nyusi mu Ogasiti 2019. Asilikali a Renamo oposa 5,000 anatula zida pansi pa panganoli, ndipo msasa wawo womaliza ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023, boma litavomera kuti nawonso azilandira penshoni.